Kuunika Katundu ndi Mafunde a Terahertz: Zimene Amaona ndi Zimene Saona

Katundu wambiri wodutsa m'boma la Mangochi amayenda ali wophimbidwa. Pa chipata cha Chiponde, chimene chayang'anizana ndi tawuni ya Mandimba m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, pamadutsa matumba, makatoni ndi mabelo a zovala. Pa doko la Monkey Bay, pamene sitima ya Ilala yakhala ikunyamula anthu ndi katundu kuyambira m'chaka cha 1951, pamakwezedwa migolo, madengu ndi mabokosi opita ku Nkhata Bay, ku Likoma ndi madoko ena a kumpoto. Kumasula mtolo uliwonse kumachedwetsa ulendo ndipo nthawi zina kumawononga malonda; kusamasula kumapereka mpata kwa ozembetsa chamba, minyanga ya njovu, mamba a ngaka kapena mankhwala obedwa m'zipatala za boma. N'chifukwa chake mayiko amafunafuna njira zoonera za m'kati popanda kutsekula. Imodzi mwa njirazi ndi kujambula pogwiritsa ntchito mafunde a terahertz.

Mafunde amenewa ndi a mtundu umodzi ndi mafunde a wailesi, kuwala kwa dzuwa ndi cheza cha X-ray. Kusiyana kwake kuli pa kuchuluka kwa nthawi zimene fundelo limagunda pa sekondi imodzi. Terahertz imodzi ndi kugunda ka 1,000,000,000,000 pa sekondi, kuposa mafunde a wailesi ya FM pafupifupi ka 10,000. Akatswiri amawerenga gawoli kuyambira pa 0.1 kufika pa 10 terahertz, ndipo utali wa funde limodzi umachokera pa mamilimita 3 kutsika mpaka pansi pa kunenepa kwa tsitsi la munthu. Kwa zaka zambiri gawoli linali lovuta kulifikira, pakuti zipangizo za wailesi zinkalephera kukwera mpaka pamenepo ndipo zipangizo za kuwala zinkalephera kutsika.

Zithunzi zoyamba za njirayi zinajambulidwa m'chaka cha 1995 ndi Binbin Hu ndi Martin Nuss ku Bell Laboratories m'dziko la America. M'chaka cha 2003, gulu lotsogoleredwa ndi Kodo Kawase ku bungwe la kafukufuku la RIKEN ku Japan linasonyeza kuti mankhwala ozunguza bongo obisidwa mu envelopu angathe kuzindikirika, ndi kusiyanitsidwa ndi asipirini, envelopuyo ili chimatire. Chombo cha mumlengalenga cha Columbia chitawonongeka m'chaka chomwecho, bungwe la NASA linagwiritsa ntchito mafundewa pofufuza ming'alu ndi mphako mu thovu louma lokuta thanki ya mafuta ya zombo zake. Pofika 2016, ofufuza a ku MIT ndi Georgia Tech anatha kuwerenga zilembo pa mapepala 9 osanjikizana popanda kuwatsekula.

Kagwiridwe kake ka ntchito kali motere. Makina amatumiza mafunde pa katunduyo, kenako kachipangizo kolandira kamayeza mafunde amene abwerera kapena amene apyola tsidya lina, ndipo kompyuta imasandutsa miyesoyo kukhala chithunzi. Nsalu, pepala, katoni, pulasitiki ndi thabwa lopyapyala louma zimalola mafundewa kudutsa, choncho mpeni, mfuti kapena paketi yobisidwa pakati pa zovala zimaonekera. Pali mtundu wina wa makina umene sutumiza kalikonse: umangolandira mafunde amene thupi la munthu limatulutsa mwachibadwa chifukwa cha kutentha kwake, ndipo chinthu chomangiriridwa m'chiuno kapena pachifuwa chimaoneka ngati mthunzi.

Ubwino waukulu uli pawiri. Choyamba, mankhwala ena ozunguza bongo ndi zinthu zina zophulika zimamwa mafundewa pa miyeso yodziwika, chilichonse ndi chizindikiro chakechake, kotero makinawo angathe kupereka chithunzi cha chinthu ndi kulozanso mtundu wake. Ufa woyera wa m'paketi suoneka chimodzimodzi ndi ufa wina woyera. Chachiwiri, mafundewa alibe mphamvu yothyola tizigawo ta m'maselo a thupi monga chimachitira cheza cha X-ray, chimene kagwiritsidwe kake m'dziko muno kamayang'aniridwa pansi pa lamulo la Atomic Energy Act la 2011.

Koma pali adani awiri amene njirayi siingawagonjetse, ndipo onse awiri ndi ofala kunyanja: chitsulo ndi madzi.

Chitsulo chimabweza mafunde a terahertz monga kalilole amabwezera kuwala. Motero kontena yachitsulo ya pa thiraki, mgolo wa mafuta, trangi, ngakhale pepala lonyezimira lokutira zakudya, zonsezi zimatsekereza makinawo kotheratu. Amene amamva kuti terahertz imaona m'kati mwa makontena ayenera kumvetsa kuti akunena za maenvelopu, makatoni, zikwama ndi mabokosi apulasitiki. Makontena akuluakulu amaunikidwa ndi makina amphamvu a X-ray, onga amene bungwe lotolera misonkho la Malawi Revenue Authority limagwiritsa ntchito m'zipata zina zikuluzikulu za dziko lino. Njira ziwirizi sizilowana m'malo.

Nkhani ya madzi ndiyo ikhudza Mangochi kwambiri. Madzi amamwa mafundewa mwamphamvu, moti ngakhale madzi opyapyala osakwana milimita imodzi amakwanira kuwafooketsa kufikira poti chithunzi sichituluka. Mnofu wa nsomba yaiwisi ndi madzi pafupifupi magawo atatu mwa anayi. Bokosi la chambo chaiwisi, chothiridwa ayezi amene wayamba kusungunuka, ndi khoma kwa makina otere: amaona pamwamba pokha, za pansi saziona. Chimodzimodzinso thumba lonyowa ndi mafunde a mwera m'boti, dengu la mango kapena tomato, ndi matumba apulasitiki odzaza madzi amene amanyamuliramo mbuna zogulitsa kunja. Usipa ndi utaka wouma bwino pathandala zimalola mafunde kulowa pang'ono, koma tinsomba tambirimbiri tothinana m'thumba lalikulu timawamwaza uku ndi uku, ndipo chithunzi chimasokonekera chisanafike pakati. Ngakhale chinyezi cha mumpweya chimadya mphamvu ya mafundewa, kotero m'nyengo ya dzinja m'mbali mwa nyanja makinawo amafunika kuyandikira kwambiri katundu amene akumuunika. Wozembetsa katundu amene angakulunge paketi yake m'nsalu yonyowa amaibisa ndithu, ngakhale kuti banga lakuda pakati pa zovala zouma nalonso limapereka chifukwa chokwanira chomasulira mtolowo.

Kumene njirayi imapindula kwenikweni ndi pa katundu wouma ndi wopyapyala: makalata ndi timaphukusi ta ku positi ofesi, makatoni a mankhwala, zikwama za m'manja, ndi anthu odutsa pakhomo. Pa zinthu zina, mphuno ya galu ikadali patsogolo. Agalu onunkhiza amene amagwira ntchito ndi apolisi pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe amapeza minyanga ndi mamba a ngaka ngakhale zitabisidwa m'bokosi lachitsulo limene lili ndi mpata wotulutsa fungo.

Chithunzi cha makina, kaya a terahertz kaya a X-ray, chimangoloza malo okayikitsa. Chimene chimatsimikiza mlandu ndi katundu weniweniyo atamasulidwa, atawerengedwa, ndipo ngati ndi mankhwala, atayezedwa ku labotale. Chilango chimatsatira lamulo lokhudza katunduyo, osati njira imene wapezekera. Mwachitsanzo, lamulo loteteza nyama zakutchire la National Parks and Wildlife Act, monga linakonzedwera m'chaka cha 2017, limapereka chilango chofika zaka 30 m'ndende kwa wopezeka ndi ziwalo za nyama zotetezedwa mwapadera, kuphatikizapo njovu, chipembere ndi ngaka.