Miyala ya m'njira ya mkodzo

Miyala ya m'njira ya mkodzo ndi timibulu tolimba tomwe timapangika mchere wa mumkodzo ukaundana. Imapezeka mu impso, m'timachubu tomwe timatsitsa mkodzo kuchokera ku impso, kapena m'chikhodzodzo. Ina imakhala yaing'ono ngati mchenga, ina imakula kuposa nthanga ya chimanga. Vutoli limagwira amuna kwambiri kuposa akazi, ndipo pafupifupi theka la anthu omwe adadwalapo amadwalanso pasanathe zaka 10.

Zomwe zimayambitsa

Chifukwa chachikulu ndi kusamwa madzi okwanira. Munthu akatuluka thukuta lambiri, monga polima m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, mkodzo umachepa n'kukhala wachikasu kwambiri, ndipo mchere wake umaundana mosavuta. Kudya mchere wambiri ndi nyama yambiri, kunenepa kwambiri komanso kuchokera kumtundu komwe ena adadwalapo kumawonjezera chiopsezo.

Miyala yambiri, pafupifupi 80 pa 100 iliyonse, imakhala ya kashiamu. Ina imachokera ku asidi wotchedwa uric acid, ndipo ina imabwera chifukwa cha tizilombo tokhalitsa m'njira ya mkodzo. Mwa abambo achikulire, miyala ya m'chikhodzodzo imayamba pulositeti ikakula n'kumatsekereza mkodzo.

Zizindikiro

Mwala ukakhala phee mu impso, munthu sangamve kanthu. Ululu umayamba mwalawo ukalowa m'kachubu n'kutseka mkodzo. Zizindikiro zake ndi izi:

Kupweteka koopsa m'mbali mwa msana, kunsi kwa nthiti, komwe kumatsikira pachinena ndi m'mphechepeche. Ululuwu umabwera n'kumapita, ndipo wodwala amagubuduka kusowa pogonera.

Magazi mumkodzo.

Mseru ndi kusanza.

Kukodza pafupipafupi, kumva kuotcha pokodza, kapena mkodzo kuduka mwadzidzidzi.

Ululuwu ukabwera pamodzi ndi kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena mkodzo ukasiyiratu kutuluka, wodwala ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo. Impso yotsekeka yomwe mwalowa tizilombo imawonongeka msanga ndipo munthu angathe kufa.

Kusiyana kwake ndi likodzo

M'Malawi, magazi mumkodzo kawirikawiri amabwera chifukwa cha likodzo, lomwe limachizika ndi mankhwala a praziquantel. Wodwala likodzo nthawi zambiri amaona magazi kumapeto kwa kukodza ndipo samva ululu woopsa wa m'mbali. Komabe likodzo likakhalitsa limawononga chikhodzodzo ndi timachubu, ndipo lingathe kuyambitsa miyala. Kutentha thupi nakonso kumasokonezedwa ndi malungo. N'chifukwa chake kupimitsa mkodzo ndi magazi n'kofunika munthu asanayambe kumwa mankhwala.

Kupima ndi chithandizo

Achipatala amapima mkodzo ndi magazi, kenako amaunika m'mimba ndi sikani kapena ekisire. Miyala ya uric acid siioneka pa ekisire wamba.

Miyala yochepera mamilimita 5 nthawi zambiri imatuluka yokha m'milungu ingapo. Wodwala amapatsidwa mankhwala opha ululu monga diclofenac kapena ibuprofen, koma mankhwalawa si oyenera amayi oyembekezera, odwala zilonda za m'mimba ndi omwe impso zawo zafooka kale. Nthawi zina amapatsidwanso tamsulosin, yemwe amafewetsa kachubu kuti mwala udutse.

Miyala yoposa mamilimita 10 siituluka yokha kawirikawiri. Madokotala amaichotsa polowetsa kachipangizo kopyapyala m'njira ya mkodzo, pobowola pang'ono pamsana, kapena pochita opaleshoni yotsegula. Palinso makina ophwanya miyala ali kunja kwa thupi, omwe adagwiritsidwa ntchito koyamba pa munthu mumzinda wa Munich ku Germany mu 1980.

M'boma la Chitipa

Boma la Chitipa lili kumpoto kwenikweni kwa Malawi, kumalire ndi Tanzania ndi Zambia, ndipo kalembera wa 2018 adapeza kuti linali ndi anthu 234,927. Wodwala amayambira pa chipatala chaching'ono monga cha Nthalire, Misuku, Wenya kapena Kameme, kenako amatumizidwa ku chipatala cha boma cha Chitipa. Matenda ofuna akatswiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, ulendo woposa makilomita 300 kudzera ku Karonga. Chifukwa cha kutalika kwa mtundawu, wodwala yemwe wachedwa kunyamuka kumudzi amafika impso zitavulala kale.

Kapewedwe

Njira yodalirika ndi kumwa madzi okwanira kuti munthu azikodza malita 2 kapena kuposerapo patsiku, mkodzo wake uzikhala woyera. Ndi bwino kuchepetsa mchere ndi nyama. Madzi a mandimu amathandiza chifukwa amalepheretsa kashiamu kuundana. Omwe adadwalapo miyala ya kashiamu amalangizidwa kuchepetsa bonongwe, sipinachi ndi mtedza, koma sayenera kusiya zakudya za kashiamu monga mkaka, popeza kuzisiya kumachulukitsa miyala m'malo moichepetsa.