Mbiri ya Mafilimu a Mitundu ndi Yankho Limene Ambiri Amaphonya

Pa mipikisano ya mafunso a zakanema, anthu akafunsidwa filimu yoyamba kuoneka ndi mitundu, ambiri amathamangira kutchula The Wizard of Oz ya mu 1939. Yankholi n'lolakwika, chifukwa pofika chaka chimenecho mitundu inali itakhala kale m'mafilimu kwa zaka zoposa 40.

Poyamba ntchitoyi inkachitika pamanja. Ku Paris, mayi Élisabeth Thuillier ankayang'anira amayi pafupifupi 200 omwe ankapaka utoto pa kachithunzi kalikonse ka filimu ndi timaburashi tating'ono, aliyense mtundu wake umodzi. Mafilimu a Georges Méliès, kuphatikizapo Le Voyage dans la Lune ya mu 1902, ankadutsa m'manja amenewa. Inali ntchito yotopetsa maso, ndipo amayiwa sakumbukiridwa mokwanira.

Ku England, George Albert Smith anapeza njira yotchedwa Kinemacolor, yomwe inaonetsedwa mu 1908. Inkadalira mitundu iwiri yokha, wofiira ndi wobiriwira, choncho thambo silinkatuluka bwino. Kampani ya Technicolor, yomwe inayamba mu 1915 ku America, nayonso inakhala zaka zambiri pa mitundu iwiri. Zinthu zinasintha mu 1932 pamene inapanga kamera yogawa kuwala n'kujambula pa mizere itatu ya filimu nthawi imodzi. Walt Disney anayesa njirayi chaka chomwecho pa katuni ya Flowers and Trees, ndipo filimu yaitali yoyamba kujambulidwa yonse motere inali Becky Sharp, mu 1935.

Nanga kuphonyako kumachokera kuti? Kumachokera mu filimu yeniyeniyo. The Wizard of Oz imayamba ndi zithunzi zotuwa, za mtundu wa khofi, pa munda wina ku Kansas. Kenako Dorothy, mtsikana wa m'filimuyi, amatsegula chitseko cha nyumba, panja n'kuoneka maluwa owala ndi msewu wachikasu. Woonera amangoona ngati mitundu yayambira pompo. Akatswiri a kampani ya MGM, yomwe inapanga filimuyi, anachita kukonza zimenezi mwaluso: mkati mwa nyumbayo anapentamo utoto wotuwa, amene anatsegula chitseko anali mtsikana wina wovala diresi lotuwanso, ndipo Judy Garland, yemwe ankasewera Dorothy, atavala diresi la buluu analowa m'chithunzi kamera itadutsa pakhomo. Ngakhale nsapato za Dorothy, zomwe m'buku limene filimuyi inachokera zinali zasiliva, anazisandutsa zofiira kuti ziwale bwino.

Chinanso n'chakuti kuyambira mu 1956 filimuyi inayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema ku America, ndipo posakhalitsa inkabwera chaka ndi chaka. Ana ambiri anakula nayo, pamene Becky Sharp ndi mafilimu a Kinemacolor zinali zovuta kuzipeza, moti ambiri a Kinemacolor anatayikiratu.