Nsanja ya ku Newport: Chigayo Chimene Anthu Adachikana

Mlendo akafika mumzinda wa Newport, m'chigawo cha Rhode Island ku America, nakwera kamtunda kopenya kudoko kufikira pabwalo la Touro Park, amapeza nsanja yozungulira, yamiyala yosasema, imene yaima pamenepo zaka zoposa 300, yopanda denga, yopanda chitseko, mphepo ya kunyanja ikungoloweramo ndi kutulukamo monga ifunira. Msinkhu wake ndi mamita 8 ndi theka, ndipo khoma lake lonse lasenzedwa ndi mizati 8, imene pakati pake pali mipata yopindika pamwamba ngati uta. Munthu akakweza maso amaona mazenera aang'ono, maenje a m'khoma m'mene munkalowa mitanda ya chipinda chapamwamba, ndi malo osonkhapo moto amene adatsala lende m'mwamba, popeza pansi pake pamatabwa padachoka kalekale.

Mzindawu udakhazikitsidwa m'chaka cha 1639 ndi Angerezi amene adaoloka nyanja kudzafuna malo opembedzera mwaufulu. Ndipo pakuti munthu, angakhale apemphere chotani, sagona ndi njala mokondwa, chosowa chawo choyamba chidali popera chimanga ndi tirigu. M'chaka cha 1663 Peter Easton adamanga chigayo chamatabwa choyendera mphepo, chimene chidatumikira mudzi kufikira mkuntho waukulu wa 1675 udachigwetsa. Patangopita zaka ziwiri, mu 1677, bwanamkubwa wa Rhode Island, Benedict Arnold, polemba kalata yogawa chuma chake chamasiye, adatchulamo chigayo chake chamiyala choyendera mphepo, chimene chidali pamunda wake, kufupi ndi manda a banja lake. Mkuluyu adatsikira kulichete chaka chotsatira, ndipo ndiye kholo la Benedict Arnold wina, kazembe wa nkhondo amene Amereka amamkumbukira ngati wopereka dziko lake kwa adani.

Magwiridwe a chigayo chotere ngosavuta kuwamva kwa ife amene tidakulira pa mtondo ndi mphero. Pamwamba pa khoma pankakhala denga lotembenuzika, lonyamula mapiko akuluakulu, kuti mwini chigayo alilozetse kumene mphepo ikuchokera. Mapikowo akazungulira ankatembenuza mtanda, mtandawo nkutembenuza mwala wapamwamba wa mphero, ndipo mbewu zotsikira pakati pa miyala iwiri zinkatuluka zili ufa. Ku Chesterton, m'dera la Warwickshire ku Mangalande, kudakalipo chigayo cha 1632 chokhala pa mizati 6, chofanana kwambiri ndi ichi, umboni wakuti mamangidwe oterewa sadali achilendo kwa Angerezi a masiku amenewo.

Koma ntchito ya chigayochi siidakhalitse. Pofika 1741 makalata ankachitcha kale chigayo chakale chamiyala; pambuyo pake adasungiramo udzu wa ziweto, nthawi ina onga wa mfuti, ndipo pa nkhondo yomenyera ufulu wa America, pamene asilikali a Britain adalanda Newport kuyambira 1776 mpaka 1779, nsanjayi idagwira ntchito za nkhondo. Mapiko adatha, denga lidachoka, nitsala miyala yokhayokha.

Ndipo pamene miyala idakhala chete, anthu adayamba kuiyankhulira. Katswiri wa ku Denmark, Carl Christian Rafn, amene mu 1837 adasindikiza buku lonena za maulendo a ma Viking ku America, adafalitsa ganizo lakuti nsanjayi idamangidwa ndi amalinyero a kumpotowo zaka mazanamazana Columbus asanabadwe. Mlakatuli Longfellow adaiika m'ndakatulo yake yotchedwa The Skeleton in Armor, ndipo nthanoyo idamera mizu m'mitima ya anthu. Ena adati adamanga ndi Apwitikizi, ena Matchaina, enanso ankhondo achipembedzo a ku Ulaya, aliyense akuloza malo amoto aja nafunsa kuti ndani angasonkhe moto m'nyumba yodzala fumbi la ufa. Tidaziona zoterezi ndi kuno kwathu, pamene azungu ena, posafuna kuvomereza kuti malinga a Great Zimbabwe adamangidwa ndi makolo a Ashona, adawapatsa Afoinike ndi mfumu yaikazi ya ku Seba.

Komatu kuona maso a nkhono nkudekha. Mu 1948 ndi 1949 William Godfrey wa ku Harvard adakumba mofatsa pansi pa nsanjayi ndi m'mbali mwake, napeza mapale, zidutswa za akaliwo adothi ndi zina za nthawi ya atsamunda Achingerezi, koma kanthu ka ma Viking sadakapeze ngakhale kamodzi. Mu 1993 akatswiri a ku Denmark ndi Finland adayesa laimu womangira miyalayo ndi njira ya radiocarbon, napeza kuti adaumira pakati pa 1635 ndi 1698, nyengo yeniyeni ya Arnold. Ngakhalenso Giovanni da Verrazzano, amene adakocheza m'gombe lomweli mu 1524 nalemba zimene adaona, sadatchulepo nsanja iliyonse.

Kuti chipilalachi chidakalipo, tiyamike Judah Touro, wamalonda Wachiyuda wobadwira mu Newport, amene pomwalira mu 1854 adasiyira mzindawo madola 10,000 ogulira malowo, kuti akhale a anthu onse. Nchifukwa chake bwalolo limatchedwa dzina lake. Ine ndiona kuti nsanjayi siichepa ulemu pokhala chigayo, pakuti amene adanyamula miyala ija, naotcha zigoba za m'nyanja kuti apeze laimu, naimika mizati yolimba kufikira lero, adatero kuti ana a mudzi wawo adye. Ulemu umenewo ngwokwanira, ndipo tiyenera kuupereka kwa eni ake.