Umboni Atulutse Ndani? Kuchokera pa Mwabvi Kufika pa Mtsutso wa Mulungu

Ku Katete, Sinda ndi Vubwi, funso lakuti ndani atulutse umboni pa zinthu zosaoneka silinayambe ndi anthu okana Mulungu. Linayambira pa milandu ya ufiti. Kale munthu akatchulidwa kuti ndi mfiti, kawirikawiri mtolo wonse ankasenza yekha: ankamwa mwabvi, akasanza ndiye wayera, akafa ndiye kuti analidi mfiti, womuneneza akungoonerera. Lamulo la atsamunda la 1914, lomwe likugwirabe ntchito m'Zambia, linatembenuza nkhaniyi poletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma mantha sanathe. M'zaka za m'ma 1930 anthu osaka mfiti otchedwa a Mchape anafika kuchokera ku Nyasaland, nkumandandalika anthu pamzere, kuwaunika pagalasi ndi kuwamwetsa mankhwala. Max Marwick, amene anayamba kufufuza pakati pa Achewa a kwa Kawaza mu 1946, anapeza kuti ambiri onenezana anali apachibale, okhala kale ndi chakukhosi. Chimene anthu ankachitcha umboni nthawi zambiri chinali mkangano wa m'mbumba.

Mtsutso wa Mulungu weniweniwo unabwera mochedwa, ndipo ngwa anthu ochepa m'dziko limene Frederick Chiluba analilengeza kuti ndi lachikhristu mu 1991. Osakhulupirira amatsata ganizo la Bertrand Russell la 1952: wina akanena kuti tiipoti ikuzungulira dzuwa kutali kosaoneka, si udindo wa womvera kutsimikiza kuti kulibe. Ku Malawi, wosakhulupirira wina, George Thindwa, anaika ganizo lomweli pa ufiti, mpaka kulonjeza ndalama kwa aliyense amene angamulodze.

Okhulupirira amayankha kuti chosaoneka sindiye kuti kulibe, ndiponso kuti chikhulupiriro si mlandu wa pabwalo. Apa akunena zoona, ndipo wonenetsa kuti kulibe Mulungu nayenso ali ndi ngongole ya umboni, kusiyana ndi amene angoti sanakhutire. Koma yankholi limateteza pemphero la mumtima basi. Mneneri akaloza gogo wa m'mudzi kuti ndiye wapha mwana, kapena akauza wodwala kuti ataye ma ARV poti wachira, watulutsa nkhani mumtima nkuifikitsa pabwalo, ndipo ayenera kuonetsa umboni woti wina aliyense angauyese. Kuuza gogoyo kuti adziyeretse yekha nkubwezeretsa mwabvi m'dzina la pemphero.