Munda usanakhale wa mizere: mmene makolo athu ankasungira nthaka ndi madzi ku Chifunde



Mukauza mwana wa kuno ku Chifunde kuti ajambule munda, ajambula mizere yondondozana, chimanga chili pamwamba pake. Kwa iye munda ndi mizere basi. Komatu mizere yoyala munda wonse, monga tikuionera lero, si yakale kwenikweni. Agogo a agogo athu anali ndi njira zawo zogwirira madzi a mvula ndi zosungira chonde. Mayina a njirazo akadali m'chiyankhulo chathu, ngakhale kuti ntchito yake ikuiwalika. Lero ndati tione njirazo, chimene chinazisintha, ndi chimene tingatolepo ife amene tikulima minda yoguga.

Tiyambe ndi dziko lenilenilo. Kuno mvula imagwa kuyambira cha mu Novembala mpaka Malichi kapena Epulo, kenaka miyezi yambiri kuli gwa. Malo athu ndi a mapiri, zitunda ndi madambo, ndipo madzi ake amathamangira mu Luia ndi Kapoche kupita ku Zambezi. Choncho mlimi wa kuno wakhala ndi mavuto awiri chiyambire: madzi ochuluka nthawi imodzi amene amakokolola dothi, ndi madzi osowa pamene mbewu ikuwafuna. Makolo ankawadziwa bwino, mpaka mvula anaipatsa mayina potengera ntchito yake. Chizimalupsa ndi ija imazima moto wa m'tchire. Kokalupsa ndi ija imakokolola phulusa la lupsa. Amene anatcha dzina lachiwirili anali ataona ndi maso kuti mvula yoyamba ikapeza nthaka ili pamtetete imanyamula zabwino zonse.

Dera lino linali mkati mwa ufumu wa Undi, umene likulu lake linali ku Mano, cha ku mtsinje wa Kapoche. M'chaka cha 1831 Mpwitikizi wina, António Gamito, anadutsa m'maiko a Amaravi ndi Achewa pa ulendo wochokera ku Tete kupita kwa Kazembe. Buku lake linatuluka mu 1854, ndipo linafotokoza za moyo wa anthu amene anawapeza, kuphatikizapo ulimi wawo. Ndi yemwe uja dzina lake linapatsidwa kwa Mualadzi nthawi ya atsamunda, pamene ankati Vila Gamito. Malire amene anagawa anthu a Undi anabwera pambuyo, ndi pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891. Ndiye ndikatchula za ku Malawi kapena ku Zambia m'nkhani ino, dziwani kuti ndikunena za abale amene ankagwira khasu mofanana nafe.

Njira yaikulu pa zonse inali kugoneka munda. Banja linkaswa mphanje, kudula mitengo m'chiuno, kuunjika nthambi ndi kuzitentha kuti phulusa lidyetse mbewu. Linkalima pamenepo zaka zingapo. Zokolola zikayamba kuchepa, kapena kaufiti akachuluka, linkausiya munda kuti ukhale tsala. Zitsa zinkasiyidwa zamoyo, choncho mombo ndi mitengo inzake inkaphukiranso msanga. Mizu yake inkatunga chakudya pansi patali, masamba n'kumachibwezera pamwamba. Tsala linali ndi mwini wake, ndipo mfumu ya mudzi inkadziwa kuti ili ndi la mbumba yakuti. Popeza mkamwini ankalima kwa mkazi wake, amene ankadziwa mbiri ya munda uliwonse anali amayi: apa ndi pa katondo, apa pa makande, apa pamchenga posachedwa kuguga.

Njira yachiwiri inali matutu, ena amati nthumbira. Mlimi ankasonkhanitsa udzu ndi zinyalala za m'munda, n'kuzikwirira ndi dothi lapamwamba mpaka kupanga kamulu. Udzu uja unkaola mkati n'kusanduka manyowa. Dothi lachonde, limene m'malo ambiri ndi lochepa, linkaunjikana pamodzi pomwe pali mizu ya mbewu. Mvula ikachuluka mbewu sinkamira, chifukwa inali pamwamba. Chaka chinacho ankagumula matutu akale n'kuunda ena pakati pake. David Livingstone, amene anayenda pakati pa Amang'anja a ku Shire kuyambira 1859, anaona njira ina yofanana nayo: ankamanga udzu wautali m'mitolo uli chiimire, kuudula mizu, kenaka mvula ili pafupi n'kuuunjika, kuukwirira ndi dothi ndi kuutentha, kuti phulusa ndi dothi lopsa zikhale chakudya cha mbewu.

Pa thutu limodzi sipankakhala mbewu imodzi. Mapira, mawere kapena chimanga zinkakula limodzi ndi khobwe, nzama, nyemba ndi maungu. Masamba a maungu ankayanga n'kuphimba nthaka, motero dontho la mvula silinkamenya dothi mwachindunji ndipo chinyezi chinkakhalitsa. Mbewu za mtundu wa nyemba zili ndi timatuza kumizu momwe mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso, totenga nayitirojeni mu mpweya n'kumuika m'nthaka. Makolo sankamutchula nayitirojeni, koma ankadziwa kuti pomwe padali khobwe chimanga chimakondwa. Tisaiwalenso kuti chimanga ndi mlendo. Chinachokera ku America pambuyo pa chaka cha 1500, ndipo chinalanda malo a mapira ndi mawere pang'onopang'ono. Chimanga chimadya kwambiri ndipo sichipirira ng'amba ngati mapira. Munda utasanduka wa chimanga chokhachokha, nthaka inayamba kusenza katundu wolemera kuposa kale.

Kumunsi kwa mudzi kunali dimba. Dambo limamwa madzi nthawi ya dzinja n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. M'mphepete mwake anthu ankadzala chimanga chachiwiri, nyemba, mbatata, nzimbe ndi ndiwo zamasamba, pa nthumbira zazitali pomwe pali lowe, kapena m'maenje pomwe chinyezi chili pansi. Chaka cha chilala, dimba ndilo linkapulumutsa mudzi. Bango ndi nsenjere za m'mbali mwa mtsinje, pamodzi ndi mitengo monga katope ndi mkuyu, zinkagwira gombe kuti lisagumuke. Kumtunda nako mitengo ina sinkadulidwa: msuku chifukwa cha zipatso, ndi msangu pomwe umamera, chifukwa umayoyola masamba nthawi ya mvula, osatchinga mbewu, n'kuphukanso m'chilimwe. Nkhalango ya kumanda palibe ankaikhudza ndi nkhwangwa mwachisawawa. Dothi la pachulu linkamwazidwa pamchenga. Ntchito yolemera inkagwiridwa pa dima, anthu kulima pamodzi n'kumwa mowa kapena thobwa pomaliza.

Sindikufuna kuti tizione zonsezi ngati zopanda chilema. Pamalo otsetsereka madzi ankatha kudutsa pakati pa matutu n'kukumba zigwembe. Moto wa mphanje unkatha mitengo. Ndipo chachikulu, njira yonseyi inkadalira malo ambiri ndi anthu ochepa. Tsala limafuna zaka. Pomwe malo anapanikizika, njirayi inkalephera.

Kupanikizikako kunayambira tsidya la malire. Ku Northern Rhodesia, Zambia ya lero, Achewa ndi Angoni a chigawo chakummawa anaunjikidwa m'malo ochepa kuyambira 1928, malo ena atatengedwa ndi azungu. Minda inasowa nthawi yogona, nthaka n'kuyamba kukokoloka. M'zaka za m'ma 1930 mphepo inaulutsa dothi la minda yambiri ku United States, ndipo alangizi a atsamunda mu Africa anagwidwa ndi mantha kuti zoterozo zichitikanso kuno. Ku Nyasaland, Malawi ya lero, anakhazikitsa lamulo la zachilengedwe mu 1946. Pa nthawi ya bwanamkubwa Geoffrey Colby, kuyambira 1948 mpaka 1956, lamuloli linagwira ntchito ndi mphamvu. Matutu analetsedwa. Aliyense anayenera kulima mizere yopingasa chitunda, kuunda migula, ndi kusiya kulima m'mphepete mwa mitsinje. Wolephera ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa. Anthu ankangoti malimidwe, ndipo linali dzina lowawa pakamwa.

Mu 1953 Inkosi Gomani II ya ku Ntcheu, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, inauza anthu ake kuti asamvere malamulo a malimidwe. Boma linaichotsa pa ufumu. Inathawira mbali ino, ku Angónia, koma Apwitikizi anaibweza, ndipo inamwalira mu 1954. Chodabwitsa n'chakuti Malawi atalandira ufulu mu 1964, chikakamizo chitatha, mizere sinathe. Inafalikira mpaka kukhala malimidwe a aliyense. Alimi anali ataona kuti mzere wopingasa bwino umaimitsa madzi kuti alowe pansi. Chimene ankadana nacho chinali chikoti, ndiponso kusamvedwa ndi anthu amene sankafunsa n'komwe kuti matutu ankagwira ntchito yanji.

Kuno ku Mozambique mbiri inayenda njira ina. Boma la Apwitikizi linkafuna manja athu ndi mbewu zogulitsa. Kuyambira 1938 mpaka 1961 alimi a m'madera ambiri anakakamizidwa kulima thonje. Chibalo ndi msonkho zinathamangitsira amuna ambiri a ku Tete ku mafamu ndi migodi ya ku Rhodesia, minda n'kutsala m'manja mwa amayi ndi okalamba. Kuswa mphanje kumafuna mphamvu, choncho mabanja ambiri ankangobwereza munda womwewo. Nkhondo ya ufulu itakolera ku Tete mu 1968, anthu anaunjikidwa mu ma aldeamento, ndipo pambuyo pa 1975 kunabwera ma aldeia comunal. Anthu akakhala ambiri malo amodzi, minda yapafupi imalimidwa osapuma.

Kenaka nkhondo yapachiweniweni inabalalitsa midzi. Malawi yekha anasunga Amozambique opitirira 1 miliyoni, ena anakakhala ku Ukwimi ku Zambia. Minda yosiyidwa inasanduka tchire, tsala limene palibe analifuna. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, obwerera anapeza nthaka yopuma. Akuluakulu amene ndacheza nawo amakumbukira zokolola za zaka zoyambazo ngati za m'nthano. Ambiri anabwera atazolowera mizere ndi feteleza za kumene anathawira. Fodya atafalikira, anafuna mizere yake, mitengo ya zigafa, ndi minda yatsopano. Chuma chimene nthaka inasunga m'zaka za nkhondo takhala tikuchidya kwa zaka makumi atatu.

Nawo mzere uli ndi malire ake. Ukalunjika kumunsi kwa chitunda umasanduka ngalande. Ukapingasa mokhota, madzi amaunjikana pamalo amodzi n'kuuboola, ndipo chigwembe chimayambira pomwepo. Madzi saiwala khwawa: pomwe adutsa chaka chino adzadutsanso chaka chamawa. Khasu likamalekezera malo amodzimodzi chaka ndi chaka, dothi lapansi limalimba, mizu ndi madzi n'kumalephera kulowa. Tikatentha mapesi pofuna mbewa kapena pososa, timataya chimene agogo ankakwirira mu thutu. Mvula yamkuntho ya Ana mu Januwale 2022, imene inagwetsa mlatho wa Revúbuè ku Tete, ndi ng'amba ya 2024, zatikumbutsa kuti mavuto awiri aja akadalipo.

Tsono tamvetserani zimene alangizi akuphunzitsa lero: phimbirani nthaka ndi mapesi, sakanizani chimanga ndi nandolo kapena khobwe, dzalani m'maenje, lerani zitsa zophukira, siyani udzu m'mbali mwa mtsinje. Zambiri mwa izi agogo athu akanazizindikira nthawi yomweyo. Zina n'zatsopano ndipo n'zothandiza, monga akalozera oyezedwa bwino, ngonyeka zotseka pakati pa mizere, ndi udzu wa vetiva. Sitingabwerere ku tsala la zaka zambiri, chifukwa tachuluka. Koma ntchito imene tsala linkagwira, yobwezera chakudya m'nthaka, iyenera kugwiridwabe ndi china chake. Dziwaninso kuti Lamulo la Malo la 1997 limawerengera minda yogonekedwa ngati gawo la malo a anthu a m'mudzi. Munthu asakuuzeni kuti tsala ndi malo opanda mwini.

Kwa ife aphunzitsi, mpata ulipo. Chiyambire 2004, currículo local inatipatsa gawo limodzi mwa magawo asanu a nthawi yophunzitsa kuti tiikemo nzeru za kwathu. Buku likati erosão, pousio, consociação, mwana amaloweza n'kuiwala. Tikayamba ndi kokalupsa, tsala ndi thutu la khobwe, mawu a Chipwitikizi amapeza pokhala. Yesani izi: tengani ana kumunda mvula itangokata, aone komwe madzi adutsa. Atunge madzi a mu mzere wopanda kanthu ndi a pomwe pali mapesi, aike m'mabotolo awiri, aone dothi likadikha pansi. Atumeni akafunse agogo awo mayina a dothi ndi malo amene kale sankalimidwa, ndi chifukwa chake. Itanani mayi wachikulire adzaunde thutu limodzi kuseri kwa sukulu, pafupi ndi mzere, ana ayerekeze mpaka nthawi yokolola.

Inu makolo, mwana akabwera ndi mafunso amenewa musamubweze kuti za kusukulu n'za aphunzitsi. Pa phunziro ili mabuku ndinu. Ndipo a ku Mualadzi, ku Nsadzu, ku Cassacatiza ndi tsidya la malire, tiuzeni: kwanuko mumati matutu, nthumbira kapena dzina lina? Alipo amene akuundabe? Tilembe mayinawa eni ake akadali moyo.