Mbiri ya Kufufuza Chimene Chimatenthetsa Nthaka

Kuyambira kalekale, anthu akapeza malo amene nthaka ikutentha kapena kufuka utsi popanda woyatsa moto, ankathamangira kunena kuti pansipo pali ng'anjo. Aristotle wa ku Greece ankaphunzitsa kuti m'kati mwa dziko muli mapanga odutsamo mphepo, ndipo mphepoyo ikapanikizika imagwedeza nthaka n'kubutsa moto. Ganizoli linakhala zaka mazanamazana osasintha kwenikweni, moti ngakhale wansembe Athanasius Kircher, amene analowa m'kamwa mwa phiri la Vesuvius mu 1638, anajambula m'buku lake la mu 1665 dziko lokhala ndi chimoto pakati ndi ngalande za moto zopita kumapiri ophulika.

Amene anayamba kudziwa zenizeni ndi anthu ogwira ntchito m'migodi, pakuti thukuta lawo linkawauza kuti munthu akamatsika pansi kutentha kumakwera. Mu 1827 Louis Cordier wa ku France anasonkhanitsa miyezo ya m'migodi n'kusonyeza kuti kukweraku kumapezeka paliponse pamene anthu akumba mozama. Lero zimadziwika kuti m'madera ambiri kutentha kumawonjezeka ndi madigiri 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse, ndipo ngakhale mumgodi wa golide wa Mponeng ku South Africa, umene wazama pafupifupi makilomita 4, mmene kutentha kumakwera mocheperapo, thanthwe limafika madigiri 60.

Mkangano umene unasintha nkhani yonseyi unayamba mu 1862, pamene William Thomson, amene pambuyo pake anatchedwa Lord Kelvin, anatenga miyezo ya m'migodi n'kuwerengera zaka za dziko. Iye ankakhulupirira kuti dziko linayamba lili losungunuka, kenako linauma lonse n'kumazizira pang'onopang'ono, kutentha kukudutsa m'thanthwe losasuntha kuchoka pakati kupita kunja. Masamu ake anamupatsa zaka za pakati pa 20 miliyoni ndi 400 miliyoni, ndipo pofika 1897 anali atazichepetsa kufika pakati pa 20 miliyoni ndi 40 miliyoni. Akatswiri a miyala, amene ankaona kuti mapiri ndi zigwa sizingaumbike m'nthawi yochepa chotero, anasowa choyankha munthu wotchuka ngati ameneyu.

Mabuku ambiri a kusukulu amati Kelvin anagonjetsedwa ndi kutulukiridwa kwa radioactivity, kumene ndi kusweka kwa timbewu ting'onoting'ono ta miyala monga yureniyamu, kumene kumatulutsa kutentha. N'zoona kuti Henri Becquerel anatulukira zimenezi mu 1896, ndi kuti mu 1903 Pierre Curie ndi Albert Laborde anasonyeza kuti radium imadzitenthetsa yokha. Koma ulemu waukulu ukanayenera kupita kwa John Perry, injiniya wa ku Ireland amene kale anali wothandizira wa Kelvin yemweyo. Mu 1895, radioactivity isanadziwike n'komwe, Perry analemba m'magazini ya Nature kuti cholakwika chinali kuganiza kuti m'kati mwa dziko mulibe chosuntha. Ngati thanthwe lakuya limayenda, ngakhale mochedwa kwambiri, ndiye kuti limanyamula kutentha kuchoka pansi kudza pamwamba monga phala limachitira mumphika likamawira, ndipo chikhungwa cha dziko chikhoza kukhalabe chofunda kwa zaka 2 kapena 3 biliyoni. Kelvin sanavomere, anthu anatsatira wamkuluyo, ndipo Perry anaiwalika. Komatu akatswiri amene anabwereza masamuwo m'zaka zaposachedwa anapeza kuti kuwonjezera radioactivity yokha sikukanakonza chiwerengero cha Kelvin, pamene ganizo la Perry linafika pafupi ndi zaka 4.5 biliyoni zimene zikuvomerezedwa lero.

Kufunika kwa mfundo ya Perry pa nkhani ya nthaka yotentha n'koonekeratu. Kutentha kumene kumadzikwerera kokha kudzera m'thanthwe n'kochepa zedi, kosakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a wati imodzi pa sikweya mita, ndipo phazi la munthu silingakumve. Choncho pamene nthaka yatentha modabwitsa, pali chimene chanyamula kutenthako, kaya chiphalaphala cha miyala yosungunuka chimene chakwera pafupi, kaya madzi amene analowa m'ming'alu yakuya n'kubwerera ali otentha. Kupanda apo, ndiye kuti pali chikuyaka chapafupi pomwepo. Azungu oyamba kuona phiri la Wingen ku Australia analiyesa lophulika, mpaka m'busa Charles Wilton anazindikira mu 1829 kuti ndi malasha amene akunyeka pansi, moto umene akuti wakhala ukuyaka zaka pafupifupi 6,000. Ku Centralia m'dziko la America malasha anagwira moto mu 1962 ndipo tauniyo inasamutsidwa. Ku Mali, pafupi ndi nyanja ya Faguibine, maenje ofuka utsi ankanenedwa kuti ndi chizindikiro cha phiri lophulika, koma ofufuza atakumba analengeza mu 2003 kuti chinkayaka ndi zomera zakale zokwiririka pansi pa nyanja youma.

Malawi ali m'chigwa chachikulu chimene chinapangika chifukwa cha kung'ambika kwa chikhungwa cha dziko kum'mawa kwa Africa, ndipo zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinasonyeza kuti ming'aluyo idakali yamoyo. Mapiri ophulika ali kutsidya, ku Rungwe m'dziko la Tanzania, koma akasupe a madzi otentha monga a ku Chiweta m'boma la Rumphi, kumene madzi amapyola madigiri 70, ndi a Mawira ku Nkhotakota, kumene amayi amachapira ndi kusamba, amafotokozeka bwino ndi madzi a mvula olowa pansi kwambiri n'kukwera mofulumira m'ming'alu asanazizire. Kutentha kotereku kungathenso kupanga magetsi: ku Larderello m'dziko la Italy nthunzi ya pansi inayamba kuyatsa mababu mu 1904, ndipo Kenya inatsegula malo opangira magetsi otere ku Olkaria mu 1981, moti lero gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a magetsi ake limachokera pansi pa nthaka. Pa magetsi, Malawi akudalirabe kwambiri mtsinje umodzi wa Shire, ndipo namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022 dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi. Kutentha kwa ku Chiweta sikungafanane ndi kwa ku Olkaria, koma kuchuluka kwake kungadziwike pokhapokha boma litalipira ntchito yoboola zitsime zakuya zoyesera.