Mbiri ya maphunziro a ana aulumali ku Dowa ndi Ntchisi

Sukulu zinafika m'mapiri a Dowa ndi amishoni a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa. Mu 1889 Andrew Charles Murray ndi T.C.B. Vlok anakhazikika pa Mvera, m'dziko la mfumu Chiwere, ndipo mu 1894 Robert Blake anatsegula mishoni ya Kongwe, pomwe lero pali sekondale ya anyamata yotchedwa dzina lake. Sukulu za m'midzi zinafalikira mpaka ku Ntchisi, koma zinkathandiza mwana woona, wakumva, wotha kukwera zitunda ndi kuwoloka mitsinje m'mawa uliwonse. Wosaona ndi wosamva ankatsala pakhomo.

Zinthu zinayamba kusintha m'zaka za m'ma 1950, pamene mpingo womwewo unatsegula sukulu ya ana osaona ku Chilanga, m'boma la Kasungu. Kumeneko ana ankagonera konko ndi kuphunzira zilembo za Braille, zowerenga ndi zala. Ana osamva anadikira mpaka 1968, pamene abulazala a Chikatolika a chipani cha FIC anayamba ntchito yawo ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu. Koleji ya Montfort, yomwe ili komweko, yasula aphunzitsi ambiri a ntchitoyi. Nthawi imeneyo utsogoleri wonse unali m'manja mwa mipingo, ndipo kwa kholo la ku Ntchisi, kuphunzitsa mwana wotere kunkatanthauza kulekana naye miyezi yathunthu ali wamng'ono.

Chaka cha 1994 chinabweretsa maphunziro aulere a pulaimale, ndipo chaka chomwecho mayiko anagwirizana ku Salamanca, ku Spain, kuti ana aulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo. Lamulo loteteza anthu aulumali la 2012 linaletsa kusala mwana pa maphunziro. Apa udindo unachoka ku sukulu zapadera zochepa zija n'kugwera mphunzitsi wamkulu wa sukulu wamba, ndipo ndi udindo wolemera. Iye ndiye amaona ngati njinga ya mwana wolumala miyendo ingalowe m'kalasi ndi m'chimbudzi, ngati wachialubino wakhala kutsogolo pafupi ndi bolodi, ngati wosamva ali ndi mphunzitsi wodziwa chinenero chamanja. Ku sekondale ntchito imakula chifukwa cha mayeso a MSCE, omwe ndi khomo la ku yunivesite: sukulu iyenera kudziwitsiratu bungwe la MANEB za ophunzira osaona kapena oona movutikira, kuti mapepala a Braille ndi a zilembo zikuluzikulu akonzedwe nthawi ya mayeso isanakwane.